Mwana Akaweruka Apite Kuti? Kalata ya Abusa pa za Ndalama za Maphunziro a Masana ndi a pa Tchuthi

Kwa akhristu a m'mipingo yathu yonse, kwa mafumu, makhansala, aphungu a Nyumba ya Malamulo, aphunzitsi ndi onse akufuna kwabwino m'boma la Ntcheu,

Okondedwa athu, tikukulemberani pa nkhani imene ingaoneke yaing'ono pamene aliyense akulira mtengo wa feteleza ndi wa chimanga, koma imene ikugamula mwakachetechete tsogolo la ana ambiri. Nkhaniyi ndi ya maola amene mwana wa ku pulayimale amakhala ataweruka, ndiponso ya tchuthi chachitali cha mwezi wa Ogasiti. Chimene tikupempha n'chakuti boma liike ndalama zapadera, zolembedwa poyera mu bajeti ya dziko ndi ya khonsolo, zoti sukulu iliyonse ya pulayimale iziphunzitsira kwaulere, masana ndi pa tchuthi, ana amene atsalira pa kuwerenga ndi masamu. Pa nkhani ya sukulu ife si alendo. Ku Nzama, kumene ansembe a chipani cha Montfort anafika mu 1901, ku Mlanda, ku Gowa ndi ku Dombole, mpingo ndi sukulu zinabadwira pamodzi, ndipo mpaka lero sukulu zambiri za m'boma lino zili pa malo a mipingo. Ngakhale kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, imene ambiri amaikumbukira chifukwa cha ndale, inadandaulanso za kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Lamulo la maphunziro la 2013 linaonjezera kuti mwana aliyense ayenera kukhala pa sukulu. Zonsezi tikuziyamikira. Koma kukhala m'kalasi ndi kuphunzira n'zinthu ziwiri zosiyana. Kafukufuku wa MICS, amene National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14 m'dziko muno, 19 okha ndi amene amatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kumvetsa, ndipo pa masamu oyambirira ndi 13 okha. Mmene izi zimachitikira aphunzitsi amadziwa bwino kuposa ife. M'kalasi la ana 100 kapena kuposerapo, mphunzitsi amatsata silabasi, ndipo silabasi sidikira munthu. Mwana amene sanagwire maliwu mu Sitandade 2, mwina chifukwa cha malungo kapena njala ya mu Febuluwale, amafika mu Sitandade 4 akungokopera za pa bolodi ngati akujambula chithunzi. Pofika Sitandade 5, pamene maphunziro ambiri amayamba kuperekedwa m'Chingerezi, mwanayo amakhala atatayika kalekale. Amabwereza kalasi kamodzi, kawiri, msinkhu n'kumupitirira, kenako amasiya, ndipo kumudzi timangoti analibe mutu wa sukulu. Mutu anali nawo. Chimene analibe ndi munthu wokhala naye pansi kwa masabata ochepa n'kuyambira pamene iye analekezera.

Munthu woteroyo alipo kale, koma ngwolipira. Aliyense akudziwa za patitayimu: masana, Loweruka ndi pa tchuthi, ana a makolo opezako bwino amabwerera kwa mphunzitsi atanyamula ndalama, makamaka akayandikira mayeso a Sitandade 8. Sitikuweruza kholo lofunira mwana wake zabwino, ndipo sitikunyoza mphunzitsi amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati. Tikungoti tione amene akusowa pamenepo. Nthawi yomweyo anzawo ali pa Tsangano Turn-off, pa Lizulu ndi pa Kampepuza, akuthamangira mabasi a pa msewu wa M1 ndi kabichi, tomato ndi mbatatesi. Ena akudyetsa ng'ombe. Ena awoloka malire kukagwira ganyu m'minda ya ku Mozambique. Kenako onsewa amalemba mayeso amodzi a MANEB, ndipo zotsatira zake ndi zimene zimagawa malo a ku sekondale. Choncho boma likapanda kuikapo ndalama pa maola amenewa, si kuti silinakondere mbali. Lalola kuti maolawo agulitsidwe, ndipo sukulu yaulere yasanduka ya magawo awiri: ya m'mawa ya aliyense, ndi ya masana ya amene ali ndi m'thumba. Kuopsa kwa nthawi yaitali yokhala mwana kunja kwa sukulu tinakuonanso ndi maso mu 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19 mpaka Seputembala ndi Okutobala. Boma lenileni linalengeza kuti atsikana oposa 40,000 anatenga pakati, ndipo maukwati a ana anafika pafupifupi 13,000.

Tisamvedwe molakwa. Sitikupempha kuti ana azikhalitsa m'kalasi kumva zomwezo zimene zinawakanika m'mawa. Kumeneko n'kuwatopetsa chabe. Njira imene tikunena inayesedwa kale, ndipo osati kutali. Ku India bungwe la Pratham linayambitsa kaphunzitsidwe koyamba n'kuyesa mwana aliyense payekha, kuti aone ngati akudziwa malembo, mawu, kapena chiganizo, kenako kuika ana m'magulu potengera pamene afika osati kalasi limene ali. Akatswiri Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019, anali m'gulu la amene anaifufuza njirayi kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti ana amagwira kuwerenga m'masiku owerengeka akaphunzitsidwa motere. Mu 2016 unduna wa zamaphunziro ku Zambia unayamba kuiyesa pansi pa dzina lakuti Catch Up, kwa ana a giredi 3 mpaka 5, pafupifupi ola limodzi pa tsiku, ndipo pakati pa maboma oyambirira panali Chipata ndi Katete, kumene ana amayankhula chiyankhulo chathu chomwechi ndipo makolo awo amalima monga timalimira ife. Anzathuwo ataona phindu lake anaifalitsa ku sukulu zina zambiri. Chofunika si nyumba yatsopano kapena makina odula. Ndi munthu wophunzitsidwa njirayo, choko, timabuku tosavuta, ndi nthawi yotetezedwa.

Ngalande yodutsitsira ndalamazi ilipo kale. Kwa zaka zoposa 10 tsopano sukulu za pulayimale zimalandira ndalama zotukulira sukulu (SIG) ku akaunti zawo, ndipo mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi PTA amagwirizana za kagwiritsidwe kake potsata pulani ya sukulu. Madandaulo a makomiti timawamva: ndalamazi n'zochepa, zimafika mochedwa, ndipo zikafika zimathera pa kukonza zimbudzi, kugula mapepala a mayeso ndi kulipira aphunzitsi othandizira. N'chifukwa chake tikuti ya maphunziro a masana ikhale ndalama yoonjezera, ya mzere wakewake, yosaloledwa kupatutsidwira ku zina, yowerengedwa potengera kuchuluka kwa ana, ndipo izifika teremu isanayambe. Igule zophunzirira, iphike phala, ndi kupereka kangachepe kwa ophunzitsa. Ndipo ophunzitsa sakusowa: m'midzi yathu muli achinyamata amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi m'makoleji koma akhala zaka akudikira kulembedwa ntchito.

Ena atiuza kuti boma lilibe ndalama, ndipo ngati zilipo zochepa, ziyambe zamanga makalasi ndi kugula madesiki, popeza ana ena akuphunzirabe pansi pa mtengo. Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo sitikuti makalasi asamangidwe. Koma tiwerengere bwino. Chaka ndi chaka, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana anayi kapena asanu a ku pulayimale amabwereza kalasi. Wobwereza aliyense boma limamulipirira kawiri mphunzitsi, buku ndi malo okhala, ndipo ndi obwerezawo amene amadzazitsa makalasi ang'onoang'ono kufika poti enanso alephere. Ndalama zimene akuti palibezo tikuziwononga kale, kungoti sizioneka pa mzere uliwonse wa bajeti. Komanso chipinda chimene chamangidwa ndi mamiliyoni chimakhala chokhoma masana onse ndi mwezi wonse wa Ogasiti. Kuchitsegula kumafuna ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi kumanga china. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF), limene lakhalapo kuyambira 2006 ndipo lakhala likukwezedwa, lazolowera kupita ku zinthu zimene munthu angaimepo n'kujambulitsa. Mwana wodziwa kuwerenga sapakidwa penti kapena kulembedwa dzina la womuthandiza, koma ndi chitukuko ndithu.

Nkhawa imene ife tikuiona kuti n'njolemera koposa ndi yakuti ndalamazi zidzadyedwa, kapena aphunzitsi ena adzayamba kuphunzitsa mwaulesi m'mawa kuti alawansi ya masana isathe. Dziko limene linaona kubedwa kwa ndalama za boma kwa Cashgate mu 2013 silingauzidwe kuti lingokhulupirira, ndipo matenda a alawansi awononga mapulogalamu abwino ambiri. Koma yankho la kuba si kusiya kupatsa ana chimene akufunika; ndi kukonza kagawidwe. Mpingo woyamba unakumana ndi zofanana, monga tiwerenga pa Machitidwe 6, pamene amasiye ena ankadumphidwa pogawa chakudya. Atumwi sanathetse kugawako. Anauza gulu kuti lisankhe lokha anthu asanu ndi awiri a mbiri yabwino oyang'anira ntchitoyo. Ifenso tikuti ndalama imene sukulu yalandira, tsiku limene yafika ndi zimene yagula zizilembedwa pa khoma la sukulu m'Chichewa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho kholo lofunsa silikupalamula. Ana ayesedwe poyamba ndi pomaliza, pamaso pa alangizi a zamaphunziro (PEA) ndi nthumwi za makolo, ndipo sukulu iziyankha funso limodzi losavuta: mwa ana amene sankatha kuwerenga chiganizo, ndi angati akutha tsopano? Ngati n'kotheka, mphunzitsi asatenge masana ana a kalasi lake lomwe. Pulogalamu imene zipatso zake kholo losapita ku sukulu lingathe kuzimva ndi makutu ake, mwana akumuwerengera, n'njovuta kuinamizira kusiyana ndi zambiri zimene timapatsa ndalama.

Kwa inu makolo amene mukuti mwana amafunika pakhomo, kudimba ndi kumsika, tikukumvetsani, pakuti umphawi si ulesi. Tikupempha ola limodzi lokha pa tsiku, lotha dzuwa likadali m'mwamba kuti atsikana ochokera kutali afike kwawo kukuwala, ndi m'mawa wokha kwa masabata ochepa pa tchuthi. Pasakhale phunziro la masana popanda phala, chifukwa mwana amene wachoka kunyumba m'mimba muli pululu sangapirire mpaka nthawi imeneyo. Amayi a mother group akhale maso pa chitetezo cha atsikana, ndipo masiku akonzedwe pamodzi ndi mafumu kuti asawombane ndi miyambo ya m'dera.

Palinso amene akuti ntchito yotereyi isiyidwe m'manja mwa mipingo ndi mabungwe. Tikuthokoza Mary's Meals, imene yakhala ikudyetsa ana phala m'dziko muno kuyambira 2002, ndi onse amene akuthandiza boma pa pulogalamu ya BEFIT yophunzitsa ana pa matabuleti. Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pulogalamu ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016, inadalira kwambiri USAID, ndipo mu 2025 boma la America litatseka ntchito za bungweli tonse tinaona mmene thandizo lakunja limathera mwadzidzidzi. Mabungwe amasankha sukulu zochepa, nthawi zambiri zofikika pa galimoto, pamene mwana wa kumapiri a Tsangano kapena wa m'chigwa cha Bwanje ali ndi ufulu wofanana ndi wa pa boma. Amene ali ndi udindo kwa ana onse, ndiponso amene amatolera msonkho kwa makolo onse, ndi boma. Ife mipingo sitikupempha kuti tambala ngakhale imodzi idzere m'manja mwathu. Chimene tikulonjeza n'chakuti kumene makalasi ndi osakwanira, matchalitchi ndi maholo athu adzatsegulidwa kwaulere pakati pa sabata. Kuti nthawi imeneyo sidzakhala ya katekisimu kapena yokopera anthu ku mpingo. Ndi kuti mwana wa Chisilamu, wa mpingo wina kapena wa banja losapemphera adzalandiridwa mofanana.

Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo zolowa mu bajeti zimakambidwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Tikupempha a bwanamkubwa, akuluakulu a zamaphunziro pa khonsolo ndi makhansala kuti aike nkhaniyi pa msonkhano wa khonsolo yonse, ndipo ayambe ndi mazoni angapo akutali pa tchuthi cha Ogasiti chikubwerachi, osadikira kuti Lilongwe iyambe. Aphungu athu akaiyankhule m'Nyumba ya Malamulo ndi ku unduna wa zamaphunziro kuti ikhale ya dziko lonse. Inkosi ya Makhosi Gomani V ndi mafumu onse, kuyambira kwa Ganya, kwa Njolomole, kwa Kwataine, kwa Mpando mpaka kwa Phambala, tikupempha mwaulemu kuti muiike pa mabwalo anu. Ndipo inu akhristu, kalatayi ikawerengedwa, pitani ku msonkhano wotsatira wa PTA mukafunse kuti ndi ana angati a mu Sitandade 3 mpaka 5 pa sukulu yanu amene satha kuwerenga, ndipo chiwerengerocho mukachipereke kwa khansala wanu.

Ife atumiki anu mwa Khristu,
Abusa ndi ansembe a mipingo ya m'boma la Ntcheu