Relay yoyatsira pa foni: tiyambe taona ma amp, mtengo pambuyo

Masiku ano ambiri tikutumidwa tima relay toyatsira magetsi pa foni. Dalaivala akufuna aziyatsa mababu a panja kwawo iye ali pa mzere ku Beitbridge. Mayi wina akufuna giza izizima yokha kuti mayunitsi asamathe msanga. Wina ndi pampu ya kudimba. Onse mawu ndi amodzi: "Mukandipezereko kotchipa." Ife tikuti kotchipako kaguleni ndithu, koma mutadziwa kaye chimene kakukayatsa. Relay imene ingakhale zaka ikuyatsa mababu, pa giza ikhoza kuotcha nyumba.

Kwa amene sanaigwirepo, relay ndi switchi yomwe imayatsidwa ndi kamphamvu kochepa ka magetsi m'malo mwa chala. Zimene timakumana nazo ku China Mall ndi Dragon City ku Johannesburg kapena ku Kariakoo ku Dar es Salaam zili m'magulu atatu. Pali tima board topanda chikuto, tokhala ndi tima relay tabuluu, tolumikiza ku Arduino, Raspberry Pi kapena ku kompyuta pa USB. Timeneti ndi totchipitsitsa, koma mawaya ake amakhala pamtetete, choncho n'ta amisiri ndi ophunzira zamagetsi basi. Pali za Wi-Fi, monga Sonoff ya kampani ya ITEAD ya ku Shenzhen imene imayendera app ya eWeLink, Shelly ya ku Bulgaria yomwe ndi yokwererako mtengo, ndi zina za mayina ambirimbiri zoyendera Tuya kapena Smart Life. Ndiye pali zolowetsa SIM khadi, monga RTU5024, zimene zimayatsa ukangoziimbira.

Masamu ake ndi ochepa. Magetsi a kwathu ndi 230V. Tengani ma watt olembedwa pa chipangizo, mugawe ndi 230, mwapeza ma amp. Sonoff Basic, yomwe ambiri timaithamangira chifukwa cha mtengo, malire ake ndi 10A. Mababu a LED 20 a 10W lililonse ndi 200W, safika ngakhale 1A, ndiye pamenepo palibe nkhawa. Ketulo ya 2,000W ili pafupi ndi 9A, yatsala pang'ono kugunda malire. Giza ya 3,000W, ngati zambiri za malita 150, imakoka 13A kwa nthawi yaitali osapuma. Pampu nayo ndi yachinyengo, chifukwa pamene ikudzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa imene yalembedwa pa thupi pake.

Relay ikalemedwa sichenjeza. Tizitsulo togundana m'kati mwake timatentha mpaka kumatirirana, foni n'kumaonetsa kuti giza yazima pamene ikuwirabe. Pena ndi pomangira mawaya pamene pamasungunuka. Kumbukirani kuti giza zambiri zimakhala mu siling'i, pakati pa matabwa ouma, kumene munthu sapitako kukanunkhiza.

Njira yake si yodula ayi. Pa giza kapena pampu, onjezerani contactor ya 20A kapena 25A yokhala ndi coil ya 230V. Relay yaing'onoyo ntchito yake imangokhala kudzutsa contactor, ndipo katundu yense wolemera amadutsa mu contactor. Apo ayi, pali Sonoff POW Elite ya 20A imene imawerenganso mayunitsi omwe chipangizo chadya. Lamulo lathu ndi loti tisamadzaze relay mpaka pa nambala yolembedwa, tizisiya mpata, makamaka pa zija zopanda dzina la kampani kapena pepala lililonse m'katoni.

Chachiwiri ndi kuganizira m'mene nyumba zathu zilili. Ma relay a Wi-Fi otchipawa amagwira pa 2.4GHz, ndipo kuti muyatse muli kutali, pakhomo pamayenera kukhala rauta yoyaka yokhala ndi bandulo. Ngati intaneti ya pakhomo ndi foni ya bambo kapena MiFi imene amayenda nayo pa thiraki, akangonyamuka relay ija yasanduka switchi wamba. Magetsi akathima, rauta nayo imathima. Komanso mu app muli posankha chimene relay ichite magetsi akabwerera: iyake, ikhale yozima, kapena ibwerere m'mene inalili. Pa hita kapena chilichonse chotentha, sankhani kuti ikhale yozima, chifukwa magetsi amatha kubwera 2 koloko usiku anthu ali mtulo.

Onaninso waya wa neutral. Sonoff Basic imafuna live ndi neutral, pamene m'ma switchi a mababu a nyumba zambiri mumafika live yekha. Amene wagula kuti akaike kuseri kwa switchi adzakubwezerani katundu wabwinobwino akunena kuti ndi wakufa.

Nkhani ya mapulagi ndiyo imamiza mpamba mwakachetechete. Ma smart plug ogulitsidwa ku South Africa ambiri ndi a mapini atatu obulungira. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania masoketi ofala ndi a mapini atatu aja a makona, a chi Britain. Ku Mozambique mupeza kwambiri a mapini awiri obulungira. Kuoda katoni ya mapulagi ku Johannesburg n'kumadzagulitsa ndi adaputa ndi kuonjezera malo ena otenthera. Ngati msika wanu ndi Lilongwe kapena Chipata, za mapulagi yang'anani ku Dar es Salaam, kapena mungotenga zolumikiza pa waya zimene zilibe pini.

Kumudzi ndi kudimba, kumene kulibe rauta, ife timaona kuti ya SIM khadi ndiyo yoyenera. RTU5024 imayenda ndi 12V, ndiye batire ya sola ikukwana. Mukaiimbira imadula yokha foniyo n'kuyatsa, osadya mayunitsi, ndipo imamvera manambala okhawo amene mwailembera. Koma yotchipayo ndi ya 2G, choncho onani netiweki ya kumaloko, SIM isasiyidwe mpaka kutsekedwa, ndipo pa pampu contactor ikufunikabe.

Ena anena kuti tikamachulutsa mafunso kasitomala apita kwa wina wogulitsa motchipa. Zoona, ena apitadi. Koma ife amene timatigula ndi achibale, a kutchalitchi ndi anzathu a pa msewu, ndipo geni yathu imayenda ndi dzina. Phindu la relay imodzi silingalipire siling'i yopsa, ndipo mbiri yoti "anagula kwa uje" imafika pa boda inu musanafike. Komanso wogulitsa relay pamodzi ndi contactor wagulitsa zinthu ziwiri.

Pooda, musatenge katoni musanayese imodzi pa foni yanu pomwepo m'sitolo. Tengani invoisi. Katunduyu sapangidwa m'maiko athu, ndiye musayembekezere kuti adutsa pa chiphaso chija cha COMESA cha amalonda ang'onoang'ono. Msonkho wa pa boda muuwerengeretu pa mtengo wogulitsira. Ngati mukubweretsa zambiri, funsani ku MACRA kapena ZICTA za chilolezo, poti izi ndi zipangizo za wayilesi. Zolumikiza pa DB ndi pa giza asiyireni amisiri ovomerezeka, omwe ku Malawi amakhala ndi chiphaso cha MERA.

Safunsa anadya phula. Wina akakutumani relay, mufunseni zinayi musanalandire ndalama yake: chikayatsidwe n'chiyani, n'cha ma watt angati, pakhomo pali rauta yokhazikika, nanga akalumikize ndani. Akalephera kuyankha, muuzeni ajambule chizindikiro cha pa giza kapena pampu akutumizireni pa WhatsApp musanalowe m'sitolo.