Ndani asankhe zojambula za m'masiteshoni a sitima ku Stockholm?

Mzinda wa Stockholm, likulu la dziko la Sweden, uli pakalikiliki kukumba njanji zatsopano za sitima zoyenda pansi pa nthaka, ndipo masiteshoni atsopanowo akukonzedwa pamodzi ndi zojambula zake. Kwa mlendo, kumeneku n'kungokongoletsa makoma. Koma mbiri ya njanjizi ikuonetsa kuti nkhaniyi ndi ya ndale: ndani ali ndi mphamvu yosankha zimene anthu zikwizikwi aziona m'mawa ndi madzulo popanda mwayi wozipewa?

Njanjizi zidatsegulidwa mu 1950. M'zaka zotsatira, akatswiri ojambula monga Siri Derkert ndi Vera Nilsson adakakamiza akuluakulu a mzindawu kuti zaluso zituluke m'nyumba za anthu olemera n'kukapeza anthu wamba komwe amadutsa. Zojambula zoyamba zidaikidwa pa siteshoni ya T-Centralen mu 1957. Lero pa masiteshoni 100 a mzindawu, oposa 90 ali ndi zaluso zopangidwa ndi akatswiri oposa 150, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110.

Ntchitoyi idakula pa nthaka yachonde chifukwa kuyambira mu 1937 dziko la Sweden lili ndi mfundo yoti gawo limodzi pa magawo 100 alionse a ndalama zomangira nyumba za boma lizipita ku zaluso. Ndalama yoikidwa m'bajeti ya zomangamanga siidikira kukoma mtima kwa nduna kapena kampani.

Chikhalirecho, zojambulazi zakhala zikulankhula. Pa Östermalmstorg, Derkert mu 1965 adazokota pa makoma a konkire zithunzi za ufulu wa amayi, mtendere ndi kuteteza chilengedwe. Pa Solna Centrum, Anders Åberg ndi Karl-Olov Björk mu 1975 adajambula thambo lofiira psuu pamwamba pa nkhalango yobiriwira, n'kuonetsamo kutha kwa mitengo komanso midzi imene anthu akuithawa kupita m'tauni.

Mkangano waukulu wa posachedwapa udabuka mu 2017, pomwe pa siteshoni ya Slussen padaikidwa zojambula za Liv Strömquist zoonetsa amayi magazi a msambo akuonekera pa zovala. Apaulendo ena adadandaula kuti ana asamaone zotere, pomwe ena adati n'zomvetsa chisoni kuti chinthu chachibadwa chizichititsabe manyazi. Chipani cha Sweden Democrats chidatsutsa zojambulazo, ndipo mu 2019 khonsolo ya Sölvesborg, yomwe chipanichi chinkaitsogolera, idagamula zosiya kugula zojambula zamakono zimene idati n'zoputa anthu.

Odandaulawo ali ndi mfundo yomveka. Kunyumba yosungiramo zaluso munthu amapita mwa kufuna kwake, pomwe siteshoni ndi njira ya kuntchito, ndipo msonkho wake ndi umene walipira chojambulacho. Komabe mfundoyi siikhudza zaluso zokha. Mu 2015 chipani chomwechi chidagula malo otsatsirapo malonda pa Östermalmstorg, siteshoni ya Derkert ija, n'kuikapo uthenga wopepesa kwa alendo okaona malo chifukwa cha anthu opemphetsa. Anthu ambiri adachita zionetsero, ena n'kung'amba zikwangwanizo. Apaulendo sadafunsidwenso maganizo awo pamenepa. Chidagamula ndi ndalama.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Khoma la siteshoni silikhala lopanda kanthu: zaluso zikachokapo, otsatsa malonda amalowapo, ndipo mwini thumba lalikulu ndiye amamveka. Andale akatenga mphamvu yosankha, boma lililonse latsopano lingamafute zimene anzawo adaika, ndipo akatswiri angayambe kujambula zongosangalatsa olamula.

Njira imene Stockholm yatsata ndi yapakati. Zaluso zambiri n'zokhalitsa, zomangidwira m'makoma, pomwe masiteshoni ochepa, kuphatikizapo Slussen, amaonetsa zojambula zimene zimasinthidwa pakapita nthawi. Chojambula chokwiyitsa anthu chimapeza malo, mkangano umachitika poyera, kenako chimachoka n'kubwera china.

Masiteshoni amene akumangidwa kulowera ku Nacka ndi Barkarby adzakhalapo kwa mibadwo ingapo. Zimene zidzaikidwe m'makoma ake zidzaonetsa ngati mzindawu ukukhulupirirabe, monga m'masiku a Derkert, kuti munthu wothamangira sitima ndi nzika yoyenera kupatsidwa zoti aganizire, kapena wasanduka kasitomala woti azingomugulitsa katundu.