Wojambula pa ukwati asunge pangano, asungenso chithunzi

Chaka chilichonse, thonje likagulitsidwa ndipo mapira ndi mchewere zikalowa m'nkhokwe, m'Chigwa cha Shire mumayamba nyengo ya maukwati. Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira mvula yoyamba, palibe Loweruka limene limapita popanda nthungululu ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula kapena pa boma la Nsanje. Pa tsiku lotere pamakhala anthu ambiri olembedwa ntchito: ophika, oimba, okongoletsa holo ndi oyendetsa galimoto za akwati. Onsewa ntchito yawo imatha dzuwa likamalowa. Nsima imadyedwa, nyimbo zimaleka, maluwa amafota. Pali munthu mmodzi yekha amene ntchito yake imatsala m'nyumba ya banja latsopanolo kufikira nthawi ya adzukulu, ndiye mnyamata kapena mtsikana uja amayendayenda pakati pa anthu atakoleka kamera m'khosi.

Ndi chinthu chokondweretsa kuti achinyamata ambiri a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje atenga ntchito imeneyi kukhala bizinesi yawo, m'malo mongokhala pansi kudikira kulembedwa ku minda ya nzimbe. Tiyenera kuwayamikira. Komabe madandaulo amene timamva kuchokera m'mabanja ndi ochuluka zedi. Ena zithunzi zawo zidabwera mwana woyamba atabadwa kale, ena adalipira ndalama wojambula n'kuzima foni, ena adalandira zithunzi zambirimbiri koma m'menemo mulibe mayi wobala mkwatibwi. Ine ndikuona kuti gwero la madandaulo onsewa ndi limodzi. Ojambula, pamodzi ndi ife amene timawalemba ntchito, taiwala kuti wojambula pa ukwati ndi mboni, ndipo mboni imayenera kukhala munthu wosunga mawu ake ndi wosunga zimene adaona.

Ntchito yojambula si yachilendo m'dziko muno. Pamene David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, m'gulu lake mudali dotolo John Kirk amene ankayenda ndi kamera, ndipo zithunzi zina zimene iye adajambula pa ulendo umenewo zikusungidwabe mpaka lero. Pambuyo pake padadzuka mwana wa dziko lino, Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku pa Mishoni ya Blantyre, amene adaphunzira luso lojambula ndipo adajambula Mbusa John Chilembwe pamodzi ndi mkazi wake Ida nkhondo ya 1915 isanachitike. Papita zaka zoposa 100, koma nkhope za banja limenelo tikuzidziwa, chifukwa wojambulayo adagwira ntchito yake mosamala ndipo padapezeka anthu oisunga. Mnyamata wojambula ukwati ku Ngabu aziganizira zimenezi asanadine kamera yake.

Ine ndidakwatira m'chaka cha 1996, nthawi ya filimu. Wojambula wathu adabwera pa njinga ndi filimu imodzi ya zithunzi 36, ndipo chifukwa choti zidali zowerengeka, asanajambule ankayamba wafunsa kuti uyu ndani, nanga uyu ndani. Lolemba lake adakwera basi kudutsa pa Thabwa, kukwera zitunda kupita ku Blantyre kukatsukitsa, ndipo Lachisanu adabwera nazo m'envulopu monga adalonjezera. Lero kamera imodzi imajambula zithunzi mazanamazana pa kakhadi kochepa ngati chikhadabo, koma kuchuluka kumeneku kwabala ulesi. Mwana wa mlongo wanga adamanga banja zaka zingapo zapitazo. Wojambula, amene dzina lake sinditchula, adalandira theka la ndalama, adajambula kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo tonse tidamutamanda chifukwa cha changu chake. Patapita milungu itatu adabwera atagwira chipewa m'manja kudzanena kuti adafufuta kakhadiko kuti ajambulirepo ukwati wina, poganiza kuti adali atasamutsira kale zithunzizo pa kompyuta. Ndalama adabweza ndithu, koma ukwati sauchita kawiri kuti wojambula akonze cholakwa chake.

Nkhani yosunga zithunzi ndi yaikulu kulikonse, koma kuno kuchigwa ndi yaikulu koposa, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Mu Januwale 2015 madzi adasefukira ndi kumiza midzi ya ku Makhanga ndi madera ena ambiri. Mu Malichi 2019 kudagwa mvula ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 kudabwera Ana, ndipo mu Malichi 2023 kudafika Freddy. Munthu wothawa madzi usiku amabereka mwana, amagwira dzanja la gogo, ndipo akakhala ndi mwayi amatola chiphaso cha unzika ndi buku la kuchipatala. Palibe amene amakumbuka alubamu ili pansi pa sutikesi. Madzi akaphwa, anthu akachoka m'misasa ya m'masukulu ndi kubwerera ku mabwinja awo, boma ndi mabungwe amathandiza ndi ufa, mabulangete ndi malata, ndipo mbuzi munthu amagulanso pang'onopang'ono. Chithunzi cha tsiku la ukwati palibe sitolo imene imagulitsa. Ngati mwamuna kapena mkazi adapita ndi madziwo, wotsalayo alibe choonetsa ana kuti atate anu kapena amayi anu adali otere.

Apa ndi pamene wojambula wanzeru angasiyane ndi anzake. Ukwati ukatha, usiku womwewo asanagone, asamutse zithunzi zonse kuziika pa kompyuta, ndipo aziikenso pa malo ena achiwiri, kaya pa fulashi yosungidwa kwa mbale wokhala kumtunda, kaya pa intaneti. Alembe maina a akwati, mudzi ndi tsiku m'kaundula, monga momwe kalaliki amalembera makalata olowa ndi otuluka. Kakhadi asakafufute kufikira eni ake atalandira zithunzi zawo ndi kunena kuti akhutira. Tsono auze banjalo momveka kuti, "Zithunzi zanu ndizisunga zaka zakutizakuti, zikadzatayika mudzabwere." Mawu amenewa ndi malonda aakulu kuposa chikwangwani chilichonse cha pa msika, pakuti banja limene lidzapezanso zithunzi zake madzi atapita lidzamutchula wojambulayo pa chinkhoswe chilichonse cha m'mudzimo.

Palinso china. Chithunzi si chikalata cha ukwati, ndipo banja lililonse liyenera kukhala ndi chikalata chake. Koma tikudziwa zimene zimachitika mwamuna akamwalira, pamene abale ena amadzuka ndi kunena kuti mkaziyu sitikumudziwa, ngakhale kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye. Pa bwalo la mfumu, chithunzi choonetsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri ataimirira pambali pa akwati chimakumbutsa anthu oiwala dala. Wojambula amene wajambula keke kakhumi koma osajambula ankhoswe waphonya ntchito imene adamuitanira.

Nchifukwa chake wojambula ayenera kukhala pansi ndi akwatiwo tsiku lisanafike, osati kungomvana pa foni ndi tcheyamani wa komiti. M'chigwa muno mukukhala Asena ndi Amang'anja, ndipo miyambo yawo ya ukwati ndi yosiyana. Kwa Asena kuli malowolo, ndipo akuchimuna a mbali ya atate ali ndi malo aakulu pa mwambo wonse. Kwa Amang'anja mwini mbumba ndi malume. Masiku ano mitundu iwiriyi ikukwatirana, ndiponso ikukwatirana ndi Alomwe, Angoni ndi ena obwera kudzagwira ntchito ku Nchalo. Wojambula sangadziwe poyang'ana zovala kuti wofunika ndani. Kawirikawiri munthu wofunika kwambiri ndi gogo wovala chitenje chakale amene wakhala phee kumbuyo, amene adalera mkwati makolo ake atamwalira, pamene ovala masuti atsogolo ndi anzake a kuntchito chabe. Afunse, alembe maina, ndipo akwati ampatse wachibale mmodzi womulozera anthu. Apitenso kwa abusa, ansembe kapena shehe kukamva malamulo a m'nyumba yopempherera, chifukwa ndi chamanyazi kuona wojambula akudutsa kutsogolo kwa guwa nthawi ya malumbiro ngati akuthamangitsa nkhuku.

Zimene agwirizanazo zilembedwe. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo lonjezo la pakamwa lopangidwa pakati pa chisangalalo limauluka ndi mphepo. Pepala limodzi ndi lokwana: mtengo wonse, ndalama yoyamba ndi tsiku lomaliza kulipira, maola ogwira ntchito, chiwerengero cha zithunzi zotsukidwa, tsiku lopereka, ndi chimene chidzachitike ukwati ukasinthidwa tsiku chifukwa cha maliro. Ndalama zikadutsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthenga wake usungidwe ngati lisiti. Za ulendo zinenedwenso poyera. Kuchokera pamene madzi adadula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo m'chaka cha 1997, anthu akhala akuwoloka pa bwato, ndipo wojambula woitanidwa kutsidya ayenera kuwerengera bwato, kabaza ndi malo ogona, anyamule kamera yake m'thumba losalowa madzi, ndipo afike dzulo lake.

Za luso lenileni sindinena zambiri, eni ntchito akudziwa kuposa ine. Ndingokumbutsa kuti dzuwa la Okutobala ku Ngabu limapitirira madigiri 40, ndipo masana dzuwa lili paliwombo diresi loyera limathobwa m'maso pamene nkhope zimada ndi mthunzi. Kuimika akwati pa dzuwa lotere ola lathunthu ndi nkhanza. Zithunzi za gulu zijambulidwe pa mthunzi wa mtengo kapena dzuwa litapendeka. Mabatire akhale awiri kapena atatu odzaza kale. Amene adaona mdima umene udagwa m'dziko muno pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma lomweli la Chikwawa, sangadalire kuti akatchaja pa holo.

Tsopano nditembenukire kwa inu owerenga, pakuti mlandu suli mbali imodzi. Ambiri a inu, aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, makalaliki a ku khonsolo ndi atsogoleri a m'madera, ndinu amene mumasankhidwa kukhala matcheyamani ndi asungichuma a makomiti a ukwati. Ndakhalamo m'makomiti otere ndipo ndikudziwa m'mene ndondomeko ya ndalama imayendera. Timayamba ndi ng'ombe, mpunga, zakumwa ndi zokuzira mawu, ndipo wojambula timamukumbuka ndalama zitatha. Pamenepo wina amati, "Pali mwana wa achimwene ali ndi kamera, atijambula ulere." Kapena timamuuza mnyamatayo kuti adzalandira zake perekaniperekani akatha, ndipo ndalama za m'lichero zikawerengedwa zimapita ku ngongole zina, iye n'kumayenda miyezi itatu kulondola malipiro ake pakhomo pa munthu amene amalandira malipiro a boma mwezi ndi mwezi. Kamera ndi yodula, imagulidwa kunja, ndipo mtengo wake udakwera pamodzi ndi kugwa kwa kwacha. Munthu amene sitidamulipire tilibe pakamwa pomufunsira kuti asunge zithunzi zathu zaka khumi. Ndipo ndinene mwaulemu kwa ife akuluakulu oitanidwa: tsikulo ndi la akwati. Sibwino kufika mochedwa ndi kukoka wojambula kuti atijambule ife ndi galimoto lathu pamene mkwatibwi akupatsidwa malangizo ndi azakhali ake.

Wojambula nayenso adziwe malire ake. Zithunzi za banja asaziike pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti aitanire malonda eni ake asanalole, makamaka zithunzi za mkwatibwi akuvala kapena za ana. Chilolezo chimenecho chikhale m'pepala lija. Ndipo pali ntchito imene ayenera kuikana ngakhale ndalama ikhale yochuluka motani. Lamulo la maukwati la 2015 lidakhazikitsa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezi. Umphawi umene umatsatira madzi osefukira umakankhira makolo ena kukwatitsa ana a sukulu. Wojambula amaona nkhope ya mkwatibwi pafupi kuposa munthu wina aliyense. Akaona kuti ndi mwana, abweze ndalama, ndipo adziwitse mfumu kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma.

Pa msonkhano wotsatira wa komiti ya ukwati imene mwasankhidwamo, wojambula aitanidwe pamodzi ndi akwati, ndipo afunsidwe kuti zithunzi adzapereka liti ndiponso adzazisunga kuti. Ife pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga sitidafunse. Chithunzi chimene chili pakhoma m'nyumba mwake lero ndi chimene mnzake wina adajambula pa foni ali kumbuyo kwa tchalitchi, ndipo pakati pa mkwati ndi mkwatibwi pakuoneka duku la mayi amene adakhala pa benchi la kutsogolo.