Ndiwe Mwana wa Yani?

Mwana akakumana ndi munthu wamkulu panjira ya ku Chisitu kapena ku Limbuli, sayamba wafunsidwa dzina lake. Funso limakhala lakuti, "Ndiwe mwana wa yani?" Akatchula amayi ake, atsibweni ake ndi mudzi wakwawo, m'pamene wadziwika. Nayenso mkazi akabereka, dzina lake limabisala, anthu n'kumamuitana kuti "make uje." Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Nzeru imeneyi asayansi anaipeza ndi makina ounikira ubongo. M'chaka cha 2007, Ying Zhu ndi anzake a pa yunivesite ya Peking anaona kuti Mtchaina akamaganiza za iye mwini, ndiponso akamaganiza za amayi ake, mbali imodzimodzi ya ubongo, ya kuseri kwa chipumi, ndiyo imagwira ntchito. Kwa azungu amene anaunikidwa, mbaliyo inkadzuka pa za iwo eni zokha. Ndiye kuti mwambo umene mwana wakuliramo umalowerera mpaka m'kati mwa mutu, n'kuumba yankho lake la funso lakuti "Ndine yani?"

Nkhaniyi ikukhudza Mulanje. Alhomwe ambiri anachoka ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, nadzagwira thangata m'minda ya azungu. Anapatsidwa dzina lonyoza lakuti Anguru, ndipo ambiri, pochita manyazi, analeka kuyankhula Chilhomwe pamaso pa ana awo. Lewis Bandawe anayambitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 pokana dzinalo. Iye anadziwa kuti wonyoza mtundu wa mwana wanyoza mwana yemweyo, pakuti mayi, mudzi ndi chiyankhulo zimakhala pamodzi ndi iye mumtima.

Kuyambira mu 2008, a Mulhako wa Alhomwe akhala akusonkhana pa Chonde, kuvina tchopa ndi kukumbutsana za makolo. Zimenezi n'zoyamikika, koma ubongo wa mwana suumbidwa tsiku limodzi pachaka. Umaumbidwa pamphasa madzulo, agogo akamatchula mayina a mbumba, akamafotokoza kusiyana kwa Amihavani ndi Akokhola, akamapereka moni m'chiyankhulo cha makolo. Kuongola mtengo m'poyamba. Makolo amene asiyira mwana wailesi yakanema ndi foni kuti zimulere asadzadabwe tsiku limene adzafunsidwe kuti ndi mwana wa yani, iye n'kungoti kakasi.