Mphamvu zikagwera mtsikana, mudzi umatani?

Atsikana anzathu, mafilimu aja a munthu wamba amene wangodzuka ali ndi mphamvu zachilendo timawaonera tonse. Ife lero maso athu ali pa anthu omuzungulira, chifukwa mpamene pali nkhani.

Peter Parker analumidwa ndi kangaude basi. Nyuzipepala imamunyoza, inde, koma mu Spider-Man 2 ya 2004, ataimitsa sitima n'kulefuka, anthu a m'sitimamo anamunyamula ngati mwana wawo, anamuona nkhope, n'kulonjeza kuti sauza aliyense.

Nde taonani Carrie, filimu ya 1976 ya Brian De Palma. Mtsikana watha msinkhu ali m'bafa la kusukulu, sakudziwa chomwe chikumuchitikira, anzake akumuseka n'kumamugenda ndi mapadi. Mayi ake akuti ndi tchimo, akumutsekera m'kachipinda kopempherera. Atazindikira kuti mwanayo amasuntha zinthu ndi maganizo okha, akumutcha mfiti. Tsiku la dansi akumukhuthulira magazi a nkhumba pamaso pa sukulu yonse. Mpaka pano anthu amakumbukira moto womwe iye anayatsa. Amene anapachika ndowa ija, ndani amawatchula?

Wina ati, nanga Luisa wa mu Encanto ya 2021, si mudzi wonse umamukonda? Eti kumukonda! Amunyamulitsa abulu, mlatho, ngakhale tchalitchi, iye akulemedwa chamumtima. Mwana wamkazi woyamba kubadwa pakhomo aliyense akudziwa chikondi chimenecho: uli ndi mphamvu, senza.

Filimu yomwe imatipweteka kwambiri ndi ya pafupi pompa, I Am Not a Witch ya 2017, ya Rungano Nyoni wobadwira ku Lusaka, yomwe inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Shula ndi kamtsikana kachete, kopanda womuyankhulira. Mphamvu alibe ngakhale pang'ono, amupatsa ndi anthu. Mayi wina wagwa ndi ndowa ya madzi atamuona, basi mlandu watha. Amupititsa kumsasa wa amayi otchedwa mfiti, amumangirira nsalu yaitali yoyera kumsana kuti asauluke, n'kumuuza kuti akaidula asanduka mbuzi. Kenako mkulu wa boma akumuyendetsa kuti aziloza akuba ndi kugwetsa mvula, ndalama n'kumalowa m'thumba la bamboyo. Alendo akujambula zithunzi. Amamuopa, komanso amamudyera.

Tisanamizane kuti n'zamufilimu chabe. Kuno ku Malawi lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma agogo akumenyedwabe ndi kuphedwa ndi adzukulu awo omwe maliro akangochitika.

Tatopa n'kuonera mtsikana amene mphamvu zake zimathera m'moto kapena m'ntchito za ena. Olemba mafilimu, a kuno ndi a kunja, tipatseni mtsikana wokomoka m'sitima, anthu n'kumunyamula. Ndipo achimwene oonetsa video show ku Ndirande ndi ku Kawale, Spider-Man mwamubwereza mokwanira, Loweruka lino ikani Shula.