Ambuya asamadye okha

Malangizo a mmene munthu angakalambire ndi thanzi sasowa masiku ano. Ali pa wailesi, ali pa WhatsApp, ali pa zipupa za kuchipatala: yendani ndawala m'mawa, idyani zipatso, gonani mokwanira, musamade nkhawa. Onsewa ndi oona, koma ambiri analembedwera munthu wopuma pantchito wa ku Kabulonga amene ali ndi firiji ndi galimoto. Bungwe la WHO limati wachikulire azigwiritsa ntchito thupi lake mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mayi wa zaka 70 wa kwa Mwanjawanthu kapena kwa Ndake amakwanitsa mphindi zimenezo dzuwa la Lolemba lisanafike pamutu, khasu lili m'manja, kenako chigubu cha madzi. Kumuuza kuti aziyendako n'kumunyoza. Chimene chikufooketsa okalamba a ku Petauke ndi ku Nyimba n'china, ndipo chimaonekera pamphasa nthawi ya nsima: si ochepa amene akudya okha. Mwa zizolowezi zonse zimene banja lingasinthe lokha osadikira boma, chofunika kuyambira n'chakuti wokalamba azidya ndi munthu wina ngakhale kamodzi kokha patsiku.

Tiyambire m'mbale momwemo. Kuphikira munthu mmodzi kumafuna nkhuni, madzi ndi mphamvu pafupifupi zofanana ndi kuphikira anthu anayi, ndipo amene mawondo akumuwawa amayamba kudula njira. M'mawa mkute, masana delele wa soda, madzulo tiyi ngati shuga alipo. Mimba imadzaza ndithu, koma minofu imasowa chakudya chake. Munthu akamakalamba minofu imachepa yokha chaka ndi chaka, n'chifukwa chake akatswiri a kadyedwe ka okalamba, m'malangizo a PROT-AGE a mu 2013, anati wopitirira zaka 65 amafunika mapuloteni okwana galamu 1 mpaka 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, kuposa mmene wachinyamata wongokhala amafunira. Ambuya olemera makilogalamu 50 afunika magalamu 50 kapena 60, pomwe dzira limodzi limapereka pafupifupi 6. Minofu ikatha miyendo imagwedezeka, munthu amagwa popita kuchimbudzi usiku, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewo ambiri sadzukanso. Chopweteka n'chakuti zimenezi zikuchitika m'chigawo chimene chimalima nshawa kuposa zigawo zonse za Zambia, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a nshawa ndi mapuloteni okhaokha. Nyemba zilipo, kayera alipo, soya walowa m'minda yambiri, nthochi za ku Nyimba zimadyedwa mpaka ku Lusaka. Koma wopanda mano sangakukute nshawa zokazinga, ndipo wa manja onjenjemera sangagwire munsi. Pafunika wina wosinja, wotendera chiwawa, wothira nsinjiro m'phala. Amene amadya pa banja amalandira zonsezi popanda kupempha, chifukwa mphika ndi umodzi.

Wodya naye amakhalanso maso a chipatala. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu m'Zambia ali ndi BP yokwera, ndipo mchere umene timadya patsiku ndi magalamu 9.5, pomwe WHO imati usafike 5, kasupuni kamodzi ka tiyi. Kafukufukuyo analekezera pa anthu a zaka 69, zomwe zikusonyeza mmene ngakhale owerenga anthu amawaiwalira okalamba kwambiri, chonsecho BP imakwera limodzi ndi zaka. Matendawa nthawi zambiri sapweteka. Munthu amalandira mapiritsi ku Minga, ku Kalindawalo kapena pa chipatala cha boma ku Nyimba, amamwa mwezi umodzi, mutu n'kusiya kulemera, iye n'kuganiza kuti wachira. Zotsatira zake timazidziwa: m'mawa wina pakamwa papotoka, mkono walefuka, mudzi n'kuyamba kufunsa kuti wachita zimenezi ndani. Mdzukulu amene amasamba m'manja limodzi ndi ambuya tsiku lililonse ndiye amaona kuti mapiritsi atha, kuti mapazi atupa, kuti ntongo zachepa kuyambira sabata yatha, kuti dzanja likuphonya mbale chifukwa ng'ala yaphimba diso. Ndi iyeyo amene angawapatse kapu ya madzi, pakuti ludzu limazilala ndi ukalamba, ndipo m'kutentha kwa Okutobala kwa Luembe ndi kwa Nyalugwe munthu angathe kuuma thupi asakumva ludzu n'komwe. Malipiro a m'zipatala za kumidzi anachotsedwa mu 2006, koma chipatala chaulere chilibe ntchito kwa munthu amene palibe wamuona kuti akudwala.

Kusungulumwa pakokha kumapha. Mu 2010 Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anaphatikiza zofufuza 148 zokhudza anthu oposa 300,000, ndipo anapeza kuti okhala pa ubale wolimba ndi anzawo anali ndi mwayi wochulukirapo ndi theka wokhalabe ndi moyo pa nthawi imene ankawatsatira. Mu 2025 WHO inalengeza kuti munthu mmodzi mwa 6 padziko lonse ndi wosungulumwa. Wina anganene kuti zimenezo n'za azungu okhala m'nyumba zosanja, kuno kumudzi munthu sakhala yekha. Zoona, zofufuza zambiri zinachitikira kumayiko olemera. Koma kusungulumwa kwa kumudzi kuli ndi mano amene kwa ku London kulibe. Nkhalamba imene imadya yokha kuseri kwa nyumba, yosayenderedwa, yolankhula yokha, ndiyo imayamba kulozedwa chala mwana akamwalira m'mudzi. Matenda oiwalaiwala a ukalamba amachititsa munthu kusochera usiku, kuvula zovala, kuvomera zinthu zimene sanachite, ndipo anthu akam'peza m'bandakucha pabwalo la eni amati wagwa pa lichero. Lamulo la Witchcraft Act, mutu 90 wa malamulo a Zambia, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limafika mochedwa, nyumba itapsa kale. Chimene chimafika msanga ndi umboni wa mpongozi kapena mdzukulu amene anganene pamaso pa nyakwawa kuti ambuyawa akhala akuiwala mayina a ana awo kwa zaka ziwiri, ndi matenda, ife timadya nawo. Akatswiri a Lancet Commission mu 2024 anatchula zinthu 14 zimene zikapewedwa zingachepetse matenda oiwalawa pafupifupi ndi theka, ndipo mwa izo muli BP, kusamva, kusaona ndi kudzipatula kwa anthu. Zinayi zonsezi zimaonekera pamphasa.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'cha umphawi. Ena adzati kulankhula za zizolowezi n'kupeputsira boma katundu wake, pakuti wokalamba afunika ndalama, osati ulaliki. Mfundoyi ili ndi mphamvu. Pafupi pompa, ku Katete, boma linayesa kuyambira mu 2007 kupatsa ndalama za mwezi ndi mwezi aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo, koma njira imeneyo sinafalitsidwe dziko lonse, ndipo lero Social Cash Transfer imafikira mabanja osankhidwa okha. Alimi ambiri sanaperekepo ku NAPSA, choncho penshoni yawo ndi nkhokwe basi, ndipo chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February 2024 chinasonyeza mmene penshoni yoteroyo imathera m'nyengo imodzi. Kumenyera penshoni ya okalamba onse n'koyenera ndipo kupitirire. Komabe ndalama sisinja nshawa, sitola nkhuni, siiona kuti phazi latupa. Pali makomo amene achibale amaonekera tsiku lolandira lokha, ndalama n'kuthera pa thumba la feteleza la mwana, ambuya n'kubwerera ku delele wawo. Ndalama yomweyo ikalowa m'nyumba imene mphika ndi umodzi imasanduka kapenta, mazira ndi ya njinga ya Honda yopitira kukayezetsa BP.

Ena adzati achinyamata anapita ku Lusaka ndi ku migodi, ndipo chidyerano cha makolo, pamene mabanja ankatulutsa mbale zawo n'kudyera pamodzi amuna kwaokha akazi kwaokha, chinatha ndipo sichidzabwerera. Sichidzabwereradi mmene chinalili, ndipo sitiyenera kuchikometsera mopitirira: m'nthawi ya njala mbale zinkabisidwa kalenso. Koma chimene chikupemphedwa pano n'chaching'ono kuposa chidyerano. Kwa Ansenga mbumba imamanga pafupi, ndipo nthawi zambiri nyumba ya mwana wamkazi kapena ya mdzukulu ili pa mtunda woitana ndi pakamwa. Chizolowezi chimene chafala n'chotuma mwana kukatula mbale pakhomo pa ambuya n'kuthamangira kumasewera. Mbaleyo yafika, koma palibe amene waona ngati yadyedwa kapena yadyedwa ndi galu. Kusiyana kwake ndi mphindi makumi awiri zoti mwanayo akhale pansi. Palinso ambuya amene sali okha konse chifukwa akulera adzukulu amasiye, koma iwowa ali ndi vuto lawo: amagawa ndiwo kwa ana onse, iwo n'kunyambita msuzi, n'kunena kuti akhuta. Pamenepo pafunika wamkulu mnzawo woti awaikire nthuli m'mbale mwawo n'kuwayang'ana mpaka atadya.

Nanga okalamba amene amakana okha? Alipo, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Ena amachita manyazi kutafuna opanda mano pamaso pa mkamwini, ena safuna kuoneka ngati mtolo, ena ali ndi mangawa akale ndi mpongozi. Kuwakoka mokakamiza n'kuwalanda ulemu umene watsala. Njira ndi kupita kwa iwo, kudyera pakhonde pawo, ndi kuwasiyira gawo m'chakudyacho: asadzule chiwawa, asankhe nyemba, alawe mchere, ndiwo zina zichokere m'dimba mwawo. Munthu amene wathandiza kuphika sadziona ngati wopemphetsa. Kumene kulibiretu wachibale, ntchitoyi ili m'manja mwa amene alipo kale m'mudzi: amayi a Chigwirizano, timagulu ta mpingo wa Katolika, ndi makomiti a CWAC amene ali kale ndi mayina a okalamba m'mabuku awo a Social Cash Transfer. M'mabukumo angawonjezere funso limodzi lofunsa pakhomo lililonse, lakuti dzulo munadya ndi ndani, ndipo ayambe kulifunsa Januwale ndi Febuluwale asanafike, pamene nkhokwe zimakhala zitapepuka ndipo aliyense wamphamvu amaswera kumunda.