Ng'ala Yachoka, Kodi Diso Likuona?



M'mipingo yathu yambiri muli akuluakulu amene anasiya kuoneka pakati pathu chifukwa njira sakuionanso. Mukawayang'ana m'maso mupeza kuti mwanadiso, amene kale anali wakuda, wayera ngati mkaka. Imeneyo ndiyo ng'ala. Munda umagonera, ndipo mdzukulu amajomba ku sukulu kuti azigwira ndodo ya agogo. Mukawauza za opaleshoni, ambiri amayankha kuti: "Uje anapita ku chipatala, koma anabwerako osaona." Yankho limeneli tisalinyoze, pakuti lili ndi funso lomwelo limene madokotala a maso akhala akulifufuza kwa zaka zambiri: ng'ala ikachotsedwa, kodi munthuyo akuonadi?

Tiyambe ndi kudziwa chimene chimachitika m'diso. Kuseri kwa mwanadiso kuli kagalasi kachibadwa, koyera mbee ngati madzi a pa kasupe, kamene kamakhala m'kathumba kopyapyala. Kuwala kumadutsa m'kagalasi kameneka kuti munthu aone. Munthu akamakalamba kagalasiko kamachita chifunga pang'onopang'ono mpaka kutsekeka. Matenda a shuga, kusuta fodya, kuvulala m'diso ndi dzuwa la zaka zambiri zimafulumizitsa vutoli, ndipo ana ena amabadwa nalo. Ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri kuposa nthenda ina iliyonse pa dziko lapansi: m'chaka cha 2020 akatswiri anayerekeza kuti anthu oposa 15 miliyoni a zaka 50 kapena kuposerapo anali akhungu chifukwa cha iyo. Palibe mankhwala akumwa kapena odontheza amene amaisungunula. Madzi a masamba ndi a mizu amene ena amathira m'maso angathe kutentha diso ndi kulisiyira chipsera chosachiritsika. Njira yokhayo ndiyo kuchotsa kagalasi kowonongekako.

Mantha a makolo athu ali ndi gwero lake. Kale dokotala ankachotsa ng'ala osaikamo kanthu m'malo mwake, ndipo wodwala ankapatsidwa magalasi okhuthala kwambiri. Magalasiwo akasweka kapena kutayika, munthu ankabwerera mu mdima ngakhale kuti opaleshoni inayenda bwino. Zinthu zinayamba kusintha ku London, kudzera mwa dokotala Harold Ridley. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse iye anaona kuti tizidutswa ta pulasitiki ya zenera la ndege, timene tinalowa m'maso mwa oyendetsa ndege za nkhondo, tinkakhala m'disomo popanda kulitupitsa. Pambuyo pake wophunzira wina, ataonerera opaleshoni, anamufunsa chifukwa chake sanabwezeremo kagalasi kena. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funso la wophunzira ameneyu linatsegula khomo. Pa 29 Novembala 1949, pa chipatala cha St Thomas', Ridley anachita opaleshoni yoyamba ya kagalasi kapulasitiki koika m'diso. Timagalasi toyambato tinali ndi zovuta zambiri, ndipo madokotala anzake anamutsutsa kwa zaka zochuluka. Panafunika kufufuza ndi kukonza kwa nthawi yaitali kuti njirayi ikhale yodalirika. Mtengo wake unatsika pamene chipatala cha Aravind ku India chinayamba kupanga timagalasi timeneti m'chaka cha 1992, ndiponso pamene mafakitale ena anatsegulidwa ku Eritrea ndi ku Nepal m'chaka cha 1994. Chotero opaleshoni imene agogo athu ankaiopa ndi yosiyana ndi imene ikuchitika lero.

Komabe kagalasi kabwino pakokha sikakwanira. Kwa nthawi yaitali zipatala zinkanyadira kuchuluka kwa maopaleshoni, monga mlimi wowerenga mizere imene wabzala osapita kukaona ngati mbewu zamera. M'chaka cha 1998 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika muyeso wakuti pa maso 100 alionse ochitidwa opaleshoni, osachepera 80 aziona bwino, ndipo oona movutikira kwambiri asafike 5. Kuona bwino kunayesedwa ndi chikwangwani chija cha zilembo zazikulu ndi zazing'ono: munthu ataima pa mtunda wa mamita 6 athe kuwerenga mzere umene diso labwino limawerenga pa mamita 18. M'chaka cha 2021 maiko a m'bungweli anagwirizana zolimbikira kufikira chaka cha 2030 kuti achulukitse anthu amene achitidwa opaleshoni ndi kuonadi bwino pambuyo pake.

Kodi kulemba zotsatira m'buku kungasinthe kanthu? Funso limeneli linayesedwa muno mu Africa, pa chipatala cha mpingo wa Presbyterian cha Kikuyu ku Kenya. Dokotala David Yorston ndi anzake analemba zotsatira za maopaleshoni pafupifupi 1,800 a chaka chimodzi, namaziunika nthawi ndi nthawi. Lipoti lawo linatuluka m'chaka cha 2002. M'miyezi itatu yoyamba maso 77 mwa 100 alionse ndiwo anaona bwino. M'miyezi itatu yomaliza chiwerengerocho chinafika pa 89. Dokotala amene amayang'ana zipatso za manja ake mosabisa amadziwa pamene akuphonya, ndipo amakonza.

Kuwerenga kotereku kwaonetsa kuti pali zifukwa zinayi zimene diso limalepherera kuona ng'ala itachoka. Choyamba, m'disomo mungakhale nthenda ina imene inabisala kuseri kwa ng'ala, monga glaucoma, imene imawononga mtsempha wa diso mwakachetechete, kapena mabala amene shuga amasiya mkati mwa diso. Chachiwiri, pangachitike ngozi pa opaleshoni penipeni, makamaka kung'ambika kwa kathumba kaja. Chachitatu, opaleshoni ingayende bwino koma munthuyo n'kumafunikabe magalasi amene sanawalandire. Chachinayi, patapita miyezi kapena zaka kathumba kangachite chifunga, munthu n'kuganiza kuti ng'ala yabwerera, chikhalirecho vutoli limakonzedwa m'mphindi zowerengeka pamene pali makina a laser. Taonani kuti zifukwa ziwiri zomalizazi zili ndi thandizo lapafupi, koma limapezeka kwa iye yekha amene wabwerera ku chipatala.

Kafukufuku wayankhanso nkhawa ina imene imamveka pakati pathu, yakuti osauka amapatsidwa opaleshoni yachabechabe. Ku maiko olemera ng'ala imaphwanyidwa ndi makina okwera mtengo, njira imene Charles Kelman anayambitsa ku America m'chaka cha 1967. M'zipatala zambiri za mu Africa ndi ku Asia dokotala amaitulutsa ndi manja kudzera pa kabala kakang'ono kamene kawirikawiri sikafuna kusokedwa. Ku Nepal dokotala Sanduk Ruit ndi anzake anagawa odwala 108 m'magulu awiri mwa maere, kuti pasakhale kukondera, ena nachitidwa ndi makina, ena ndi manja. Zotsatira zinafalitsidwa m'chaka cha 2007. Patatha miyezi 6, anthu 98 mwa 100 alionse m'magulu onse awiri ankaona bwino atavala magalasi oyenera, ndipo njira ya manja inali yachangu ndi yotsika mtengo. M'chaka chomwecho kafukufuku wa ku Ulaya wa odwala oposa 16,000 anaonetsa kuti kuthira mankhwala opha tizilombo mkati mwa diso pomaliza opaleshoni kumachepetsa pafupifupi kasanu matenda oopsa a mafinya m'diso. Zonsezi zinadziwika chifukwa odwala anavomera kulembedwa ndi kubweranso kudzapimidwa.

Tsono tifike pa manja a dokotala. Kathumba ka kagalasi ndi kopyapyala kuposa khungu la anyezi, ndipo palibe munthu amabadwa akudziwa kukagwira. Kale wophunzira ankaonerera mphunzitsi wake, kenaka n'kuyamba kuyesa pa diso la munthu wamoyo. Masiku ano ambiri amayamba ndi maso opangidwa ku fakitale, ngakhalenso kusenda khungu la tomato akuyang'ana pa makina okulitsa zinthu. Dokotala William Dean, amene anagwirapo ntchito ya maso pa chipatala cha Nkhoma ku Malawi, anatsogolera kafukufuku woyesa ngati maphunziro otere amathandizadi. Ophunzira 50 ochokera ku Kenya, Tanzania, Uganda ndi Zimbabwe anagawidwa mwa maere. Theka linapita msanga ku maphunziro a masiku 5 ku South Africa, theka linalo linayamba lapitiriza ndi maphunziro a nthawi zonse. Lipoti la m'chaka cha 2021 linaonetsa kuti m'chaka chotsatira maphunzirowo, kathumba kanang'ambika pa maopaleshoni pafupifupi 8 mwa 100 alionse a gulu loyamba, pamene m'gulu lachiwiri anali pafupifupi 27. A gulu loyamba anachitanso maopaleshoni ochuluka kuposa kawiri. Zoonadi m'mera m'poyamba. Masiku 5 okha a kuphunzira bwino anapulumutsa maso a anthu ambiri amene ophunzirawo anali asanakumane nawo n'komwe.

Dziko lathu la Mozambique likusowabe antchito a maso, makamaka kutali ndi mizinda ikuluikulu. Koma poyambira palipo. M'chaka cha 2009 Universidade Lúrio ku Nampula inayamba kuphunzitsa akatswiri opima maso ndi kulembera magalasi, ntchito imene imatseka chifukwa chachitatu chija. Achinyamata athu amene akukhoza bwino masamu ndi sayansi aiganizire njira imeneyi, ndipo makolo awalimbikitse. Ndiponso tikapeza wophunzira ataima pambali pa dokotala wamkulu, tisaipidwe naye. Tili ndi ufulu wofunsa amene adzagwira diso lathu ndi amene adzamuyang'anira, koma tikumbukirenso kuti wophunzira ameneyo ndiye adzatsegula maso a ana athu akadzakalamba.

Mbali imene imatsalira kwambiri ndi yathu. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2013, amene anachitika m'zipatala 40 za m'maiko 10 a ku Asia, Africa ndi Latin America, anapeza kuti pafupifupi theka lokha la odwala ndilo linabwerera lokha kudzapimidwa patatha masiku 40 kapena kuposerapo. Zifukwa tikuzidziwa tonse: ulendo ndi wautali, ndalama ya galimoto palibe, wopereka palibe, ntchito ya kumunda yachuluka. Wina amaona bwino n'kunena kuti palibe chobwererera. Wina saona bwino, nakhala pa khonde ndi chisoni chake, mudzi wonse n'kumva kuti chipatala chimapha maso. Pamenepo munthu mmodzi wataya thandizo limene likanamukonzera diso, dokotala sanadziwe chimene chinalakwika, ndipo akhungu ena ambiri akana kupita.

Chifukwa chake ndikupempha akulu a mpingo, atumiki, amayi ndi achinyamata kuti ntchito iyi tiisenze pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Poyendera odwala m'midzi, tiwazindikire amene maso awo ayera ndi kuwalimbikitsa kukapimitsa msanga, osadikira kuti mdima ukwanire. Posonkha ndalama ya ulendo, tiwerengere maulendo onse, wopita ku opaleshoni ndi obwerera kukapimidwa. Pakhale munthu mmodzi wodziwa kuwerenga wosunga pepala la ku chipatala ndi kukumbutsa tsiku limene adokotala analemba. Mankhwala odontheza athiridwe ndi manja osamba bwino, pa nthawi yake, kufikira masiku onse atakwana. Wodwala asatikite diso, apewe utsi ndi fumbi, ndipo m'disomo musalowe mankhwala ena alionse. Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira, kutuluka mafinya kapena kuchita mdima litayamba kale kuona, wodwala apite ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti pamenepo kuchedwa kwa tsiku limodzi kungathe kutayitsa diso.

Pomaliza, tisaope kufunsa adokotala mwaulemu opaleshoni isanachitike: kodi m'diso langa muli nthenda ina kupatula ng'ala? Kodi ndiyembekezere kuona motani? Dokotala wabwino amakondwera ndi mafunso otere, ndipo amanena zoona ngakhale pamene chiyembekezo chili chochepa. Ndipo iwo amene anachitidwa opaleshoni naona, asakhale chete. Aimirire pamaso pa anzawo, alowetse ulusi pa singano, awerenge kalata ndi maso awo, kuti mbiri ya maso ambiri amene anatseguka imveke m'midzi mwathu monga imamvekera mbiri ya diso limodzi limene linalephera.

Mtendere ukhale nanu nonse m'makomo mwanu.